Chisanu cha ku Sapporo

"Kwezani foniyo, madala! Nyama isaoneke!" anatero Ismail.

A Ajibu anakweza. Manja awo ankanjenjemera, chifukwa m'chipinda chozizira cha hotela ina ya ku Doha, momwe amasungiramo nyama ndi nsomba, iwo analowa ndi malaya okhaokha. Chijasi cha m'chipindamo chinali chimodzi, ndipo anavala ndi Ismail, pamodzi ndi chipewa cha ubweya ndi mpango wofiira m'khosi. Anaima pakona pomwe panalibe mashelefu, khoma loyera kumbuyo kwake, mpweya ukufuka m'kamwa ngati utsi.

Ismail anali kapitawo wa otsuka mbale. A Ajibu anali wamkulu msinkhu pa otsuka onse, ndipo kontrakiti yawo inali pafupi kutha. Kuti iwonjezedwe pankafunika mawu a Ismail kwa abwana. N'chifukwa chake Lachisanu lililonse ankalowa m'chisanumo osawiringula, ngakhale chifuwa chinali chitawagwira kale.

Zonsezi zinali za Hawa, mphunzitsi wa ku Balaka, namwali woti akadutsa pamsika ogulitsa amaiwala mitengo. Ismail anamulembera mauthenga chaka chathunthu, iye n'kumangoyankha kuti "zikomo". Anyamata a ku Qatar, ankatero Hawa, onse nkhani yawo ndi imodzi: kutentha ndi ntchito yolondera pa mageti. Koma tsiku lina anatchula kuti mzinda umene amaulota ndi Sapporo, ku Japan. Mwamuna wochenjera sauzidwa kawiri. Sabata yomweyo Ismail analengeza kuti kampani yamusamutsira ku Sapporo.

Ha, zinthu zinatembenuka! Hawa anayamba kuimba yekha, pa vidiyo, osaphonya Lachisanu. Ismail naye sanagone. Kuchipinda kwawo ku Al Muntazah, dera lina la mu Doha, ankameza mavidiyo a ku Japan, ndipo ankafunsa wophika wina wa ku Philippines, amene anakhalako kumeneko, mpaka kumutopetsa. Hawa akapempha kuona kunja, yankho linali lokonzeka: sinowo yafika m'mawindo, nyengo ino anthu amakhala m'nyumba. Dongosolo linali losavuta. Ankhoswe akagwirizana, ukwati ukamangidwa, kampani idzamubweza ku Doha. Ndipo lero linali tsiku lopempha kuti atumize amalume ake.

Nkhope ya Hawa inatulukira pa foni, ili m'mpango wobiriwira.

"A Ismail! Kwazizira bwanji lero?"

"Usanene, Hawa. Khwangwala akuuma ali m'mwamba!"

Hawa anaseka, ndipo Ismail anamasula lilime. Anafotokoza za misewu ya pansi pa nthaka, yodzaza masitolo, momwe munthu amayenda kuchokera pasiteshoni mpaka pakati pa mzinda osaona thambo. Anafotokoza za tizipinda tobwereka toimbiramo nyimbo, momwe mabwana a matayi amakuwa ngati mbuzi zomangidwa. Kunyumba, anati, kuli tebulo lalifupi lofunditsidwa bulangete, pansi pake pali moto wamagetsi. Mumalowetsa miyendo n'kumasenda manachesi tsiku lonse.

"Miyendo ya anthu awiri imakwana bwinobwino," anawonjezera, akutsinzinira diso.

Hawa sanakwiye. Anayandikira foni. Nanga kumadzi otentha kuja, kumene anthu amasamba pamodzi, akazi ali ndi mbali yawo? Nyama yololedwa kwa Msilamu imapezeka? Nsapato zogula ku Limbe zingapirire, kapena n'kugula komweko? Ismail ankayankha mtima ukuvina. Mkazi amene wafika pofunsa za nsapato ndiye kuti m'maganizo wamanga kale katundu.

Pamenepo a Ajibu anatsokomola. Anayesa kumeza, koma chifuwa chinawapinda pakati, chithunzi n'kugwedezeka.

"Ndani ameneyo?" anafunsa Hawa.

"Kankhalamba kena ka Chijapani, kantchito kanga. Sikamva Chichewa." Kenaka, akumwetulirabe, anatsitsa mawu: "Yalla, tiyeni madala, imani bwino. Mukufuna kontrakiti mukasainire kwanu ku Namwera?"

A Ajibu anawongoka. Milomo yawo inali itatuwa, misozi ya chifuwa ili m'masaya. Anagwira foni ndi manja onse awiri.

Ismail anakonza mpango wake, n'kuyeretsa kukhosi.

"Hawa, ndakhala ndikuganiza. Mzinda uno ndi wokoma, koma munthu mmodzi umamuzizira kawiri. Amalume anga ali okonzeka. Ungonena tsiku."

Hawa anaphimba pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedera. Manyazi a namwali, anaganiza Ismail, n'kuyang'ana a Ajibu monyadira: mwaona mmene amagwetsera mtengo waukulu?

"A Ismail, mwandithandiza kwambiri miyezi yonseyi," anatero Hawa, akupukuta m'maso. "Chilichonse chimene mwandiuza chatuluka choona, mpaka za tebulo lija. Tsopano sindikuopanso kubwera. Ndinyamuka Lachitatu."

"Kubwera? Lachitatu?"

"Eya. Amuna anga a Khalidi akuphunzira udokotala wa ziweto komweko kwanuko, koma iwo ndi osalankhulalankhula ngati inu. Akuti Amalawi a ku Sapporo amawadziwa onse, koma inu sanakuonenipo. Ndawauza kuti asadabwe, a Ismail satuluka m'nyumba, kumazizira."