Nkhope ya Lekeleni Pakhoma

Chimwalirireni Lekeleni, mpope wa m'mudzi unasiya kutulutsa gawo lake la madzi, poti makina a pampopepo amagawira banja lililonse molingana ndi anthu amoyo okha. Velina, mayi wake, sanadandaule kwa aliyense. Anakakumba katondo ndi makande, nayamba kujambula nkhope ya mwanayo pakhoma la kuchipinda, osaiwala mpata wa mano ndi kachipsera ka pachibwano.

Koma dothi limafuna madzi. Kutentha kukang'amba nkhopeyo, Velina ankatsanulira m'phale madzi ake akumwa, n'kumamata ming'aluyo ndi chala.

Masana ena mwamuna wake Filimoni anamupeza akukanya dothi, khanda lawo likulira kumsana.

"Make Lekeleni, mwamwa madzi lero?"

"Tsaya lang'aluka, bambo. Ndimusiye choncho mwana wanga?"

"Nanga uyu? Wakhala akukoka bere chiyambire m'mawa, palibe chikutuluka."

Velina anamasula khandalo n'kuliyang'anitsitsa. Milomo inali itauma, liwombo litalowa m'kati, ndipo linkalira popanda misozi. M'kapu munali mutatsala madzi pang'ono. Anaigwira kapuyo nthawi yaitali, kenaka anatsinzina n'kumwa onse.

Patapita masiku mkaka unabwerera. Pakhoma paja tsaya la Lekeleni linayoyoka, kenaka diso nalo linagwa. Filimoni anabwera ndi tsache, koma Velina anamugwira mkono. Anagwada, natola tizidutswato kamodzikamodzi, n'kutimanga pansonga ya chitenje chimene ankaberekera khandalo.