Wotsala pa Buleki

Basilia anakweza mwamuna wake m'ndowa yaikulu yachitsulo yolendewera pachingwe chotsitsira miyala ya mgodi, mwendo wothyokawo ataumanga ndi shawelo. Chipale chofewa chinali chitatseka njira yotsikira phirilo. Anthu ndi lole zinali kumunsi, pachigayo cha miyala chomwe eni mgodi anachisiya kalekale.

Basilia anamasula buleki ya chingwecho. Chingwe sichinasunthe.

"Severo, moyo wonse mwakhala mukundilemera, lero mwasankha kupepuka?"

"Kwera nawenso, mkazi wanga," anatero Severo, mano akugundana. "Awiri tilemera."

"Nanga buleki agwira ndani? Mukufuna tikaphwanyike tonse pachigayo?"

Chingwecho chinalibe injini. Ndowa zodzaza zikamatsika, ndizo zinkakoka zopanda kanthu kuti zikwere. Basilia anayamba kuponya miyala m'ndowa yapambuyo mpaka zala zinang'ambika. Dzimbiri linayoyoka, gudumu linalira.

Anakanikizira mkamwa mwa Severo masamba otsala a koka, chomera chochepetsa ululu, n'kuthamangira kubuleki.

"Basilia! Nanga iwe utsika bwanji?"

Basilia anafika pabuleki. Anakumbatira chitsulo choziziracho ndi thupi lonse. Mtambo unameza ndowa ija, koma kulemera kwa mwamuna wake ankakumvabe m'manja.