Vumbwe, Likongwe ndi Njiwa za M'chilimwe

Padangokhala, tili tonse, Vumbwe ndi mlamu wake Likongwe. Nthawi ya masika Vumbwe adagwira njiwa yonona atabisala pansi pa chitsa china m'munda wa mapira, ndipo kuyambira pamenepo sankafunanso kumva za malo ena. Mapira adakololedwa, mapesi adatenthedwa, chilimwe chidafika, iye ali chibisalire pansi pa chitsa chomwechija, nthiti zikuonekera.

"Alamu, njiwa zidasamuka," adatero Likongwe. "Kuno kwatsala phulusa lokha. Nyengo ino zikusaka madzi."

"Inu oyendayenda mungadziwe chiyani za ulenje?" adayankha Vumbwe. "Mlenje weniweni amadekha. Tipikisane lero. Amene dzuwa limlowere ali chimanjamanja asiyire mnzake mphako yake."

Likongwe adavomera n'kuliyatsa liwiro. Adapeza chitsime chitauma, mtsinje uli mchenga wokhawokha. Malovu atamuuma, adatulukira pa kadziwe kotsalira pansi pa mkuyu. M'matope munali timapazi ta njiwa mbwee! Adalowa m'bango n'kukhala chete.

Dzuwa litapendeka, njiwa zidatera zambirimbiri kudzamwa. Likongwe adalumpha n'kugwira imodzi yaikulu, yoti adachita kuikoka.

Adampeza Vumbwe pachitsa paja, mbuu ndi phulusa, maso ali kumwamba.

"Zibwera, mungoona," adang'ung'udza Vumbwe.

"Njiwa ilibe munda, alamu," adaseka Likongwe. "Ili ndi mimba ndi mapiko basi."

M'mawa mwake Likongwe adalowa m'mphako ya Vumbwe akuvina, ana ake akuimba pambuyo, nthenga zili kukamwa.

Yanga yathera pomwepa, kaphuleni mbatata isanapserere.