Goloboyi wa ku Chiuta ndi Mafuta a Nkhumba

Panali munthu wina pa Liwonde, Japhet, wakabaza wapakamwa ngati wailesi. Ankalakalaka dzina lake litamveka m'nkhani. Ndiye anapeza nambala ya a Janet Kachingwe, mtolankhani wa ku Balaka wolemba zamasewero ndi za AI, nzeru zamakompyuta zija zotha kujambula zomwe sizinachitike.

Kukacha, uthenga. "Madamu, lembani za timu yopanda jezi." Mawa lake, "Lembani za woimbira mpira woledzera." Mayiwo yankho lawo linali lomwelo: "Umboni uli kuti, achimwene?"

Zinamuwawa Japhet. Loweruka lina timu ya asodzi a ku Chiuta inagonjetsa ya kwa Mposa, goloboyi wa asodziwo, Jimu Ali, atagwira penate. Japhet anatenga chithunzi cha Jimu n'kuuza AI kuti imuonetse akupaka mafuta a nkhumba pagolo. Paja ochemerera amati nkhumba imasukuluza mankhwala a timu inzake. Chonsecho Jimu ndi Msilamu, nkhumba sanaikhudzepo chibadwire.

Chithunzicho anatumizira a Janet, ndipo atachiona anaimba pompo. "Iyayi a Japhet, ichi n'chopanga. Fufutani, muphetsa munthu."

"Chikatchuka mudzachifuna nokha," anatero Japhet, n'kuchiponya pagulu la WhatsApp la ochemerera mpira.

Jimu atabwera ndi nsomba zouma pamsika wa Liwonde, anyamata a kwa Mposa anamugwetsa panjinga, nsomba zili mbwee. Zibakera, mateche, zibonga. Kenako anamupanikiza manja pansi.

"Manja a nkhumba aja ndi amenewa?"

"Wallahi sindinakhudze," analira Jimu. Iwo anamuphwanya zala ndi njerwa. Mpira basi, nkhafi basi, ukonde basi.

Abale a Jimu sanavutike kufufuza, nambala ya woyamba kutumiza inali poyera. Anamupeza Japhet pasiteji ya akabaza n'kumusambitsa nkhafi mpaka mano anayoyoka, diso limodzi linaphulika. Pakadapanda apolisi bwenzi tikunena za maliro.

Kuchipatala anamugoneka bedi loyandikana ndi la Jimu. Jimu anatembenuka, manja ali m'mabandeji.

"Achimwene, ndinakulakwirani chiyani?"

Japhet analira ndi diso lotsalalo. Munthuyo anali asanalankhulanepo naye n'kamodzi komwe.

Phunziro: Wodziwa ntchito yake akakuuza kuti fufuta, fufuta. Bodza la pafoni limathyola mafupa enieni, ndipo amayamba kuthyoka ndi a munthu wosalakwa. Tumizirani anzanu onse okonda kuponya zithunzi asanafunse.