Kompyuta Ikaiwala

"Amayi, kompyuta ikadzaiwala, idzaiwalanso mawu a adadi?" Mwana wake anafunsapo choncho tsiku lina, mayiyo n'kungoseka.

Lero sankaseka. Kompyuta ya malemu mwamuna wake inali chagada patebulo, chivundikiro chili pansi. Akaiyatsa, inkangolira tii, tii, tii, sikirini ili bii. Neba wake, wokonza mafoni, anazula kakhadi kobiriwira, napukuta mano agolide a kakhadiko ndi labala ya pensulo, nauzira fumbi, nakabwezeretsa.

Tii, tii, tii.

"Aa, memore yapita iyi," anatero nebayo, akupukuta zala pa malaya.

Mayiyo anangokhala pansi pomwepo, mpando uli pambali pake. M'kompyutamo ndimo munali nyimbo ija bambowo anajambula akuimbira mwana, mawu akusasa, mwana akuseka. Sanalire. Misozi inali itamuthera kale.

"Ndiye amwaliranso kachiwiri," anatero motsitsa.

Nebayo anamuyang'ana, kenako anadzigwira pakamwa. "Pepani aneba, pakamwa pangapa! Memore ndikunena ine ndi kakhadi aka basi. Nyimboyo ili umu." Anagogoda kabokosi kachitsulo m'katimo. "Aka sikanadwale."

Mayiyo anaika dzanja pa kabokosiko. Kanali kozizira.

"Mukunenetsa?"

"Mawa ndizula kakhadi m'kompyuta yanga, ndidzaika muno. Yanga idikira kaye."

"Mwana asanaweruke kusukulu?"

"Asanaweruke. Akadzalowa pakhomopo, adzapeza bambo ake akuimba."