Duku la Apongozi

"Adokotala, muuzeni ameneyu kuti ulesi si matenda," anatero apongozi asanakhale n'komwe pampando.

Anali atamuperekeza okha mkazi wa mwana wawo kudzamva zotsatira za magazi, kuti bodza lake lithere pomwepo. Munthu wanji wogona masana, wonenepa ngati akumupopa, tsitsi lonse kuthera m'chipeso? Kunyumba anali atamupatsa kale dzina loti Nkhuku Yososola.

"Ndi mankhwala otchipa a ku saluni amenewo," anapitiriza. "Kwathu akazi timafa ndi tsitsi lathu."

"Si saluni, mayi," anayankha adokotala. "Chithokomiro chake, cha pakhosipa, chafooka. Chikatero munthu amangotopa, amanenepa, amazizidwa dzuwa likuswa mtengo, tsitsi limathothoka. Ngakhale nsidze zimatha cham'mbalimu. Mapiritsi ake alipo, apeza bwino."

"Matenda a anthu osowa chochita," anatsonya apongozi, uku akumanga mabatani a juzi yawo yachiwiri.

Adokotala, amene thukuta linali kamukamu, anasiya kulemba. Anayang'ana majuzi awiriwo, kenako nsidze za apongozi zojambula ndi pensulo.

"Mayi, tavulani dukulo pang'ono."

"Ine? Sindinabwere kudzapimidwa ine!"

Apa mkazi wa mwana wawo uja analankhula koyamba, mwaulemu wonse, maso ali pansi.

"Apimeni ndithu, adokotala. Tsitsi limene ndimasesa kubafa m'mawa uliwonse, theka lake ndi imvi."