Droni m'Bafa la Apongozi

Panali munthu wina kwa Mavwere, dzina lake Dickson, amene kalabu ya alimi inamusankha kuti aziulutsa droni yojambula minda pofufuza mbozi m'chimanga. Vuto linali batire, limatha ntchito isanafike pena paliponse.

Tsiku lina pa boda anakumana ndi wamalonda wa ku Chipata akugulitsa masola ang'onoang'ono.

"Bwana, iyi mukaiika pamsana pa droni, iziuluka mpaka dzuwa kulowa," anatero wamalondayo.

Dickson anagula. Mlangizi wa zaulimi, mayi Veronika, atamva anamuchenjeza. "Zouluka ndi dzuwa zilipodi, koma amazipanga ndi mapiko aatali ndi sola yopyapyala. Yanuyi ndi yolemera. Isiyeni pansi izitchaja mabatire, inu muzingosinthanitsa."

"Amayi, inu dziwani za feteleza," anayankha Dickson. "Zam'mwamba tisiyireni."

Loweruka anaitanira anthu a kalabu kumudzi kwa mkazi wake Esitere, kumene ankakhala pachikamwini ndi mwana wawo Yankho. Solayo anaimanga ndi mphira, mmene amamangira thumba la mtedza pa njinga.

Droni inanyamuka movutika, itapendekeka. Itangodutsa nkhokwe, mphira inamasuka n'kukola phiko limodzi. Droniyo inakagwera m'bafa laudzu la apongozi ake aakazi, omwe Dickson akawaona kutsogolo ankapatuka njira chifukwa cha ulemu.

Ena pofotokoza amati mayiwo ankasamba. Si zoona, munali beseni ndi chitenje basi. Koma aliyense ankadziwa kuti droni ili ndi kamera, ndipo palibe anaseka. Mkamwini sakanalowamo kukaitenga. Anangoima, rimoti ili m'manja, maso ali pansi.

Apongoziwo anaitulutsa okha, phiko litathyoka, n'kuipereka kwa mwana wawo.

"Esitere, uwauze bambo a Yankho kuti akafuna kundiona, pakhonde panga pali mpando."

Kalabu inamulanda Dickson ntchitoyo, ndipo chaka chimenecho mbozi anazifufuza wapansi. Sola ija sanapite kukaipempha. Ili padenga pa apongozi mpaka lero, amatchajira foni.

Phunziro: Wogulitsa amanena zoti katundu wake ayende, ndipo zikavuta iye amakhala atawoloka kale boda. Musanamangirire chinthu pa makina omwe si anu, mverani amene akuwadziwa. Tumizirani ena, makamaka amene apatsidwa zipangizo za gulu kuti azisunga.